Tsiku limene apongozi anandiona ndikutafuna

Nkhaniyi ndinati ndidzapita nayo kumanda, koma ndamva kuti yayamba kale kuyenda pakati pa amayi a kutchalitchi, ndiye bola ndiinene ndekha asanaithire mchere wawo. Ine ndi msinkhu wangawu, mdzukulu ali pasukulu, ndinapezedwa kukhitchini kwa eni ake ku Mississauga, tauni ina ya kuno kwa azungu, nditavula nsapato, mutu wa nsomba uli kukamwa. Ndipo wondipezayo anali munthu mmodzi yekhayo pa dziko lonse amene sankayenera kundiona ndikutafuna.

Muyambe mwadziwa kuti ine ndine wa ku Dedza, ndipo ndinaleredwa mwa kale. Kwathu mkamwini ndi amayi a mkazi wake sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Si chidani ayi, ndi ulemu. Ndiye mwana wanga Esinati atandiitanitsa kuno kunja, kutauni ya Scarborough, kuti ndidzathandize kulera mwana wake Zione, ndinafika n'kupeza kuti tchire lopatukirako kulibe. Nyumba yake ndi ya m'mwamba, kanjira ka pakati kopapatiza ngati mpita wa mbewa. Komabe ndinayesetsa. Bambo a Zione (dzina lawo musandifunse, silituluka pakamwa panga) akamadya patebulo, ine ndimadyera kuchipinda. M'chikepe ndimayang'ana pakona ngati mwana wolakwa. M'galimoto ndimakhala kumbuyo kwenikweni kwa mpando wawo, pamene kagalasi kaja sikandipeza. Zaka zonsezi anali asanaonepo ngakhale mtedza umodzi ukulowa m'kamwa mwanga.

Iwo ndi munthu wofatsa, wa ku Ntcheu, mwambowu amaudziwa ndipo sanandikakamizepo. Vuto lawo ndi limodzi. Anapitako ku Morocco ndi ntchito, kumzinda wina wa m'mphepete mwa nyanja yamchere wotchedwa Tangier, ndipo chibwerereni nkhani ndi nsomba basi. Ndimamva ndili kuchipinda akuuza alendo. Akuti kumeneko umakhala pa lesitilanti mabwato ukuwaona, nsomba imachoka m'madzi n'kulowa mumphika isanadziwe n'komwe kuti yafa. Ine mumtima ndinkangoti amuna akayenda amabwera ndi mabodza. Kenako anatulukira kuti bambo wina wa kumzinda womwewo, a Hamidi, anatsegula malo odyera ku Mississauga, ndipo anagwirizana mpaka kumatchulana achimwene.

Ndiye linafika tsiku la anakubala (kuno limabwera mu Meyi, kwathu mu Okutobala, ine ndimalandira konsekonse). Loweruka Esinati analowa kuchipinda kwanga.

"Amayi, mawa tikatuluka m'tchalitchi tikukadya kunja. Bambo a Zione abukitsa kale tebulo, ndipo zonsezi ndi za inuyo. M'mawa musadye kanthu, musiye malo."

"Iwowo apitanso?"

"Nanga galimoto ayendetse ndani?"

"Ndiye ine ndikadyera pati?"

"Amayi, matebulo a m'malesitilanti amakhala aatali. Inu mukakhala uku, iwo uko, Zione pakati. Simukaonana n'komwe."

Kaya anandinamiza, kaya naye sankadziwa. Titafika kumalo odyera a a Hamidi aja tinapeza katebulo kozungulira, kakafupi ngati mpando wa ndalema, mapilo atauzinga. Tebulo lozungulira lilibe kumapeto, abale anga. Paliponse pamene ungakhale, apongozi ali patsogolo pako. Ndinazungulira kawiri ngati galu wofuna pogona, mpaka Esinati anandikoka diresi n'kundikhazika.

A Hamidi anabwera okha, bambo wa ndevu zoyamba imvi, dzanja lili pachifuwa, akunditchula kuti Mama. Anabweretsa ketulo ndi beseni n'kutisambitsa m'manja mmodzimmodzi, kuyambira ine. Apa mtima unakhalako pansi. Ndinati anthu awa ndi anthu, amadziwa kuti chakudya chimadyedwa ndi manja.

Kenako anyamata awiri ananyamula chimbale chadothi chachikulu ngati lichero, chivundikiro chake chosongoka ngati denga la nkhokwe. Atavundukula, fungo linandimenya m'mphuno. Nsomba yake kutalika ngati mkono wangawu, itagona pa mbatatesi ndi tomato, pamwamba mandimu ndi tsabola wobiriwira, msuzi ukuwirabe m'mbalimu. Anaika buledi wozungulira pambali pa aliyense. Ine ndinadikira mbale zogawira. Sizinabwere.

A Hamidi anayamba kulankhula, Esinati akundimasulira chapansipansi. Akuti kwawo banja limadyera m'mbale imodzi, chifukwa madalitso sagawidwa m'timbale. Akuti palibe amene atambasule dzanja Mama asanayambe. Atatero ananyema mnofu wa pamsana, wonona uja, n'kuukankhira mbali yanga, n'kuima pomwepo akumwetulira. Maso onse anali pa ine, kupatula a bambo a Zione, amene anapeza chochita kuyang'ana nyale ya kudenga.

"Esinati," ndinanong'ona, "dzanja langa ndi la apongozi m'mbale imodzi?"

"Amayi chonde, lero lokha. Nsombayi anachita kuodetsa mwapadera."

"Pempha kambale ndikadyere m'galimoto."

"M'galimoto? Tsiku lanu lomwe lino? Musandichititse manyazi, amayi, anthu akudikira."

Apa ndi pamene Satana anandipatsa nzeru. Chingerezi changa ndi cha mawu owerengeka, koma liwu la kusala kudya ndimalidziwa, chifukwa abusa athu salisiya pakamwa. Ndinawayang'ana a Hamidi, n'kuloza kumwamba, n'kunena momveka bwino kuti, "Fasting."

Esinati ananditsina pantchafu, koma liwu linali litatuluka kale.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti a Hamidi ndi Msilamu, ndipo kwa iwo kusala kudya si nkhani yosewera nayo. Nkhope yawo inasintha. Anagwiranso pachifuwa, anaweramitsa mutu, anaitana anyamata aja kuti adzaone mayi woopa Mulungu amene akusala ngakhale pa tsiku la chikondwerero chake. Anachotsa buledi wanga kuti asandiyese. Anachotsa ndi tambula ya madzi yomwe. Mnofu uja anauika m'kambale (kambale kanapezeka tsopano) n'kuuvundikira, akuti andisungira mpaka dzuwa litalowa. Inu mukudziwa dzuwa la kuno mu Meyi. Limalowa nkhuku za kwathu zitatembenuka kale kawiri m'tulo. Ndipo apa n'kuti tangotuluka kumene m'tchalitchi.

Bambo a Zione analankhula akuyang'anabe nyale ija.

"Mayi a Zione, bwanji simunandiuze kuti amayi ali pa pemphero? Tikanasintha tsiku."

Mawu awo anali a munthu wokhumudwa, ndipo anandilasa. Munthu anakonza zonsezi kuti andisangalatse, ine n'kumubwezera bodza. Koma kubweza mawu pamaso pa a Hamidi kunali kovuta kuposa njala.

Anayamba kudya mwamanyazi, akunyema pang'onopang'ono ngati ali pamaliro. Manyaziwo sanakhalitse. Posakhalitsa ndinkangomva buledi akusisita m'mbale, Zione akunyambita zala, Esinati akuti "mmm" dala pafupi ndi khutu langa. Ine ndinatseka maso kuti ndioneke wopemphera. Mimba ndi imene inakana kupemphera. Inalira ngati njinga yamoto yokwera chitunda, mpaka mzungu wa tebulo loyandikana anacheuka. Itayambanso kachiwiri ndinaimirira n'kunena kuti ndikukadzithandiza.

Kanjira kopita kuchimbudzi kamadutsa pakhomo la khitchini, ndipo chitseko chinali chotsegula pang'ono. Sindinafune kusuzumira, mphuno ndi imene inakhota yokha. Kuseri kwa ophika, pafupi ndi khomo lotulukira kumbuyo, panali mayi wachikulire wa msinkhu wangawu, mpango kumutu, atakhala pa kampando, kapoto kali pakati pa miyendo. Anandiyang'ana kumaso, anandiyang'ana pamimba, n'kumenya ndi dzanja pa thumba la anyezi limene linali pambali pake.

M'kapotomo munali mitu ya nsomba yokhayokha, yophikidwa ndi tomato ndi tsabola woyabwa. (Ndinamva pambuyo pake kuti mayiwo ndi amayi awo a Hamidi, ndipo mituyo imatsala chifukwa anthu akuno amaopa kudya nsomba imene ikuwayang'ana.) Ndinadziuza kuti ndingolawa kamodzi, kupha njoka za m'mimba, ndibwerere kukapemphera.

Amene anadyapo mutu wa nsomba akudziwa kuti ulibe kamodzi. Pali masaya, pali maso, pali tinyama tobisala kuseri kwa makha, ndiye pali kuyamwa kwenikweniko. Mnzangayo anali katswiri, fupa limatuluka m'kamwa mwake loyera ngati lochapa. Anaona kuti nanenso si mwana, anandigwedezera mutu n'kundikankhira wina. Chinenero chake sindichidziwa, changa sachidziwa, koma tinacheza zambiri. Anandionetsa bondo limene limamuvuta kukazizira, ine ndinamuonetsa langa. Analoza ndi mlomo mayi wina amene ankatsuka mapoto, n'kupukusa mutu, ndipo ndinamva zonse za mtengwa ameneyo, mkazi wa mwana wake. Anandithirira tiyi wa timasamba tonunkhira, shuga wake wosaumira. Nsapato za kutchalitchi zinkandithina, ndinazivula. Duku ndinalimasula. Zoti ndili ndi banja kutsogoloku ndinaiwaliratu.

Kutsogoloko zinthu zinali zitavuta. Esinati anapita kuchimbudzi, sanandipeze. Foni ndinali nditaisiya m'chikwama pa pilo. Wina anati mwina ndakomoka ndi njala penapake, wina anati mwina ndatuluka kukapuma mphepo n'kusokera, poti nyumba za ku Mississauga zimafanana zonse. Kukhitchini palibe anaganizako, nanga munthu wosala kudya akatani kukhitchini? Anagawana. Esinati ndi Zione analowa m'masitolo oyandikana, a Hamidi anapita koimika magalimoto, bambo a Zione anathamanga kuzungulira kuseri kwa nyumba ndi suti yawo ya kutchalitchi.

Nthawi imeneyo n'kuti mnzanga atandipatsa mutu waukulu kuposa yonse, wa ulemu. Ndinaugwira ndi manja awiri, ndinaumata pakamwa, ndikukoka ndi mphamvu zanga zonse mpaka kumveka kuti fyooo, msuzi ukutsikira m'zigongono. Pakhomo la kumbuyo panagwa mthunzi. Ndinakweza maso, mutu uli chimatire.

Tinayang'anana. Koyamba chikwatireni mwana wanga, ine ndi apongozi tinayang'anana m'maso. Ndinaona kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso la kumanzere. Zaka zonsezi sindinkadziwa.

Anatembenuka msangamsanga ngati aponda moto, n'kunjuta pansi atayang'ana migolo ya zinyalala, akupuma wefuwefu.

"Agogo a Zione," anauza migoloyo, "mwapezeka. Tithokoze Mulungu."

Ulemu umafuna kuti munthu uyankhe. Koma m'kamwa munali diso la nsomba ndi minga ingapo, kumeza kosatheka, kulavula kosatheka. Ndinangoti, "Mmm."

Anatulutsa foni. "Mayi a Zione, apezeka. Ayi, sanakomoke. Ali bwino ndithu. Ali... akumasula pemphero lija."

A Hamidi ndi amene anayamba kufika. Anayang'ana ine, anayang'ana mulu wa mafupa pa nyuzipepala, anasuzumira panja kuona pamene dzuwa lili. Linali pamutu. Anatsegula pakamwa kuti afunse, koma amayi awo anawadula ndi mawu ambirimbiri, chipande chili m'mwamba. Sindikudziwa chimene ananena, koma bambo wa ndevu zake uja anangotembenuka n'kukatitengera buledi wina. Esinati atalowa anangoti, "Amayi," kenako anayamba kuseka mpaka anakhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

Atapeza mpweya anawafotokozera a Hamidi chilungamo chonse, za mwambo wa kwathu ndi za mbale imodzi ija. A Hamidi anagwira kumutu. Akuti bwanji osanena? Anatitengera kutsogolo n'kukoka nsalu ina imene ine ndinkayesa yokongoletsa khoma. Kuseri kwake kunali kachipinda ka tebulo lake ndi mapilo ake, kosungira amayi amene safuna kudya pamaso pa amuna. Kanali kutalika kwa mkono umodzi kuchoka pamene ndinakhala ndikupemphera zabodza.

Pobwerera m'galimoto munali fungo la nsomba lokhalokha likuchokera kwa ine. Ndinkadikira kuti mwina akwiya, poti ndinawanamiza, ndinawachititsa kuthamanga ali mu suti, ndinawachititsa manyazi kwa mnzawo. Titayandikira kunyumba anakonza kukhosi n'kulankhula akuyang'ana msewu.

"Mayi a Zione, tawafunsani amayi ngati za nsomba ya ku Tangier ndinkanama."

Ndinayang'ana pawindo. "Uwauze kuti sankanama."

Phunziro ndinalitolapo, lakuti bodza la kusala kudya usamalinene kwa anthu amene amasaladi. Zinazo sindinaphunzire kanthu. Mpaka lero bambo a Zione akakhala patebulo, ine ndimanyamula mbale yanga kupita kuchipinda. Esinati amati, "Amayi, mukubisanso chiyani? Munthu anakuonani mpaka kummero." Chimene ndikubisa nanenso sindikuchidziwa, koma chitseko ndimatsekabe.