Odi ku Korinto

Lolemba

Iwe foni, tchera khutu. Esinati, mwana wanga, akuti ndikadina kofiira aka uzisunga mawu anga, popeza ine ndi cholembera sitinadziwanepo. Tsiku la mwezi usandifunse. Kuno ku Perth ndinabwerera chikuta cha Esinati, miyezi itatu yokha, kolona n'kutseka njira zonse. Khandalo pano likuthamanga.

Koma lero nkhani ilipo!

Apongozi anga, amuna a Esinati, aima pakhomo la kukhitchini, maso kudenga monga mwa ulemu. Ine maso pansi. Akuti: "Amayi, Loweruka tikupititsani ku Korinto. Ndabukitsa kale."

Korinto! Yemwe uja amatchulidwa paguwa! Malemu amuna anga anakalamba akuliwerenga dzinali, osapondako. Ndikapondeko ine, wosadziwa ndi "a" yemwe!

Mafunso ndili nawo, koma mpongozi safunsidwa ngati mwana wa sukulu. Ndangoomba m'manja. "Zikomo, bambo."

Ndatumiza kale mawu kwathu ku Ntcheu, pa gulu la pa foni la amayi a kutchalitchi. Makamaka amve a Nasibeko. Anapita ku Joni kamodzi kokha, koma mpaka lero nkhani iliyonse amayamba ndi "ife ku Joni".

Lachiwiri

Iwe foni lero sunapume. Amayi aitanitsa katundu.

Mayi a Gilibati: dothi la ku Korinto, ngakhale kadzanja kamodzi.
Mayi busa: chithunzi, ine nditaima pakhomo la tchalitchi cha kumeneko.
Oyambitsa nyimbo: ndikapereke moni kwa amayi anzathu a ku Korinto, ndikafunsenso kuti iwo amasonkhana tsiku lanji.
A Nasibeko: palibe. Angoti, "Ndege zake ziti? Paja si zinaima?"

Nsanje!

Sutikesi ndatsitsa. Zitenje zinayi, duku loyera, masiki, mankhwala a bondo. Kamba wa paulendo: mtedza wokazinga, botolo lodzaza.

Apongozi adutsa, aona sutikesi, aima. Atsegula pakamwa. Atseka. Anyamula chipewa, ulendo ku fakitale kwawo ku Kwinana. Munthu waulemu!

Esinati ndiye sakuoneka. Shifiti ku nyumba yosamalira okalamba, akafika ndi kubafa, kutuluka kubafa ndi tulo. Okalamba a eni ake! Wakeyu akupakira yekha.

Lachitatu

Ulendo umafuna miyendo. Ndatuluka m'mawa kuti ndizolowere. Dzuwa la kuno lilibe chibale. Kuzungulira mzere wathu kamodzi kokha, bondo lati basi. Ndakhala pa benchi ya pokwerera basi. Basi yaima, dalaivala watsegula chitseko, akundidikira. Ndamupepesa m'Chichewa, ndamufotokozera za Korinto. Wapita akugwedeza mutu.

Madzulo ndalimba mtima. Apongozi ali pafupi, ine ndayang'ana khoma n'kulifunsa khomalo: "Kaya pasipoti ija ili kuti."

Iwo ayankha firiji: "Sifunika pasipoti, amayi."

Ine kwa khoma: "Nanga jakisoni?"

Iwo kwa firiji: "Ayi, amayi. Mudzangokhala pansi basi. Zake ndi za onilaini."

Onilaini! Mayina a ndege ndi otero, yomwe ndinabwerera ija inalinso ndi "laini" kumapeto. Ndauza gulu: tikwera Onilaini, yosafuna ndi pasipoti yomwe.

A Nasibeko ndawagwira!

Lachinayi

Kwathu lero amayi asonkhana, motalikirana, andipempherera ulendo. Anditumizira zonse: nyimbo ziwiri, pemphero lalitali, dzina langa katatu. Ndalira.

Ndili mkati mopukuta misozi, Esinati wapunthwa pa sutikesi. "Amama, mukupita kuti?"

Ndamuuza.

Wakhala pansi. Waseka mpaka kutsokomola, masiku ano oti munthu ukatsokomola anthu amathawa.

Akuti onilaini si ndege. Onilaini ndi pabalaza pompano, pa mpando womwe ndimasendera mbatatesi. Kuli mayi wina ku Girisi, dziko lomwe kuli Korintoko, ntchito yake kuyendetsa alendo. Alendo kulibe. Ndiye amayenda yekha, foni ili pa ndodo, ife n'kumaonera pa kanema.

Mayo ine! Nyimbo ziwiri!

Esinati kwa amuna ake: "Inu munaona sutikesi, bwanji osanena?"

Iwo: "Ndikanawayamba bwanji amayi?"

Ulemu watipha tonse awiri.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru. Dothi ndi dothi. Ndani anganunkhize n'kudziwa kwawo kwa dothi?

Ndatuluka ndi supuni ndi kabotolo. Kuseri kwa nyumba ndakumba: mchenga. Pansi pa mtengo wa mandimu: mchenga. Dziko lonseli mchenga, kaya amadya chiyani anthu a kuno. Mzungu woyandikana nafe, mayi wa agalu awiri, wasuzumira pa mpanda. Wandiona ndikugwada ndi supuni, wandimvera chisoni. Wandipatsa dothi lakuda la m'thumba, logula kusitolo. Dothi, kugula! Fungo lake khola la nkhuku lenileni.

Ndadzaza kabotolo, ndatseka. Korinto wanga ameneyu.

Kenako mawu a mayi a Gilibati afika: "Dothi lija musaiwale, ndikufuna ndikawaze pa manda a bambo a Gilibati."

Ndakhuthulira m'maluwa. Amoyo ndingawanamize, koma a kumanda ayi.

Gulu lonse likufunsa, "Mwanyamuka?" Iwe foni ndakuvundikira ndi mbale masana onse. Pepa.

Loweruka

Ndavala basi. Chitenje chatsopano, duku loyera, nsapato za ku ukwati. Mtedza pamwendo. Ngati ndi ulendo, ukhale ulendo.

Kuno dzuwa lapendeka, kumeneko akuti kwangocha. M'mphepete mwa kanema muli timabokosi, timitu ta anthu a mayiko ena, aliyense pabalaza pake. Wina ali ndi mphaka paphewa. Wovala bwino ndine ndekha.

Mayi wa ndodo uja walowa pachipata. Ine: "Odi!"

Palibe woyankha.

Ndikudikira mudzi uyambe. Miyala. Miyala inanso. Udzu. Galu wagona pakati pa njira. Mizati isanu ndi iwiri yaima, denga palibe, inayo inagwa. Yatsala apo ndi apo ngati mano angawa.

Ndakoka Esinati. "Tifika nthawi yanji?"

"Tafika, amama. Ndi pompa. Eni ake anatha kalekale."

Bwinja! Korinto ndi bwinja! Kwathu pabwinja timapita kukathyola maungu ndi bonongwe, ndipo timachita changu, osacheuka. Awa a m'timabokosi ali "ooo", ali "waaa", wina mpaka dzanja pamtima.

Mayiyo akuti amene ali ndi funso afunse. Ndilipo! Ameneyu si mpongozi. Esinati akumasulira, nkhope ili m'manja.

Anasamukiranji?
Anamwalira ndani, kuti agwetse nyumba zonsezi?
Nthaka ya pabwinja yabwino chonchi, bwanji osadzala maungu?

Waseka mpaka ndodo kugwedezeka. Akuti la maunguli sanalimvepo chiyambire ntchito.

Koma ndinene chilungamo. Watitengera pa kasupe pomwe amayi ankatunga madzi. Watsitsa ndodo, wati timvetsere. Madzi akuyendabe pansi pa miyala, kolokolo, kolokolo. Mwala wopondapo unadyeka pakati ndi mapazi. Pamenepo ndasiya kutafuna. Ndiye kuti apa pankaima mitsuko, pankadyedwa miseche. Analinso ndi a Nasibeko awo amenewa.

Kenako wayamba kutchula mayina a mafumu. Ataliatali. Mpando wofewa, mtedza m'mimba.

Ndadzidzimuka timabokosi tonse tikuseka. Kolankhulira kathu kanali kotsegula chifunsire mafunso aja. Mkonono wanga wamveka mpaka ku Girisi, akuti ndi galu yemwe anadzutsa mutu. Apongozi maso kudenga, mapewa okha akugwedezeka.

Lamulungu

Ndatumiza mawu ku gulu. Zonse, osasiyako. Onilaini, mpando, supuni, mkonono. Chithunzi palibe, chifukwa khomo lake palibe. Moni sindinapereke, ndinapeza galu yekha.

Masana iwe foni wayamba kulira, mayankho a amayi. Kenako phwete, wina pambuyo pa mnzake. Wina akulephera ndi kulankhula komwe, angotumiza kupuma. Mayi busa akuti pemphero silibwezedwa, alisungira ulendo wobwerera.

Omaliza a Nasibeko. Mawu ozizira bwino.

"Anzanga, mpaka duku loyera kukaona bwinja la eni? Lanutu lilipo. Mvula ya sabata ino yagwetsa khitchini yanu, khoma la kuchipinda lang'aluka, mbuzi zikugona pakhonde. Sitinafune kukuuzani muli paulendo. Mukafuna ndidzakuyendetsani, foni pa ndodo."

Ndaseka. Kenako ndasiya.

Njira n'zotsekabe, ndege kulibe, bondo ndi lomweli. Ndawayankha kuti Lachiwiri ndilipo, adule nsungwi yaitali kuti ndidzaone ndi denga lomwe. Ndipo popeza mvula ikadalipo, pomwe panali khitchinipo aponyepo nthanga za maungu.