Kapitawo, Sitima ndi Chimanga cha Kudimba

Lolemba

Ng'ombe zafika! Ziwiri, pamodzi ndi ngolo yake, goli ndi zingwe. Yakuda, yaikulu, ndi Kapitawo. Yofiira, ya nyanga yopindikira pansi, ndi Sitima. Mayinawa ndawapeza ndipo sindiwasintha. Mwana wochokera kusukulu ina sitimupatsa dzina latsopano.

Andigulitsa ndi a Zuze, amene akusamukira kwa mwana wawo ku Bangula chifukwa mawondo awatha. Ndawapempha kuti andifotokozere kayendetsedwe kake, mfundo ndi mfundo. Ayang'ana ine, ayang'ana ng'ombe. "Aphunzitsi, izi zimadziwa zokha. Inu muzingokhalapo." Akwera kabaza, apita.

Kungokhalapo si maphunziro.

Nkhani ili apa. Chimanga chathu cha kudimba tinakolola, chili mulu pachulu, kutsidya kwa mtsinje wouma uja, m'mphepete mwa dambo. Mvula ikagwa ku mapiri a Thyolo, madzi amatsika ndi mtsinjewo n'kukathera m'madimba, ngakhale kuno dzuwa likuswa mtengo. Ndalonjeza amake Joana kuti pofika Loweruka chimanga chonse chikhala pakhomo, chotutidwa ndi ine mwamuna wawo, pa ngolo yathuyathu. Iwo akuti: "Ndamva. Nanga mitambo mwaiuza?"

Dongosolo:
- Lero, kudziwana.
- Mawa, goli.
- Lachitatu, ngolo yopanda katundu.
- Kenako kututa mpaka kumaliza.

Kuchoka pa chodziwika kupita pa chosadziwika, monga ndinkachitira ndi ana a sitandade wani ndisanapume ntchito.

Kudziwana kwayenda bwino. Ndazipatsa madeya ndi mchere, ndazilankhula mofatsa. Sitima wandinyambita mkono. Kapitawo wangondiyang'ana ngati kholo la mwana amene wabwereza kalasi.

Lachiwiri

Goli ndi chinthu chosavuta kuchimvetsa. Mtengo umodzi wogona pa makosi awiri. Timitengo tolowa m'zibowo zake, zikeyi, timagwira khosi uku ndi uku. Kachingwe kamadutsa kunsi kwa khosi. Basi. Ndajambula pansi ndi kamtengo, chithunzi chatuluka bwino kwambiri.

Vuto ndi lakuti pachithunzi ng'ombe zimaima.

Ndaika goli pa Sitima, Kapitawo wapita kukanunkhiza mtondo wa amake Joana. Ndakatenga Kapitawo, Sitima wagona pansi ndi goli lomwe. Ndadzutsa Sitima, Kapitawo watembenuka. Panthawi ina zonse ziwiri zinali m'goli, koma ina yayang'ana kumapiri, ina kudambo. Sindikudziwa kuti zatheka bwanji. Pa masamu sizitheka.

Zimene ndaphunzira:
- Ng'ombe ikaponda phazi lako sidziwa kuti yaponda.
- Kuiuza sikuthandiza.
- Patapata si nsapato ya ntchito imeneyi!

Kutentha kwake lero, ngakhale nkhuku zatsegula milomo pansi pa nkhokwe.

Dzuwa litapendeka, amake Joana abwera, agwira chingwe cha Kapitawo ndi dzanja limodzi, dzanja lina lili ndi lichero. Goli lalowa. Ndafuna kuwafotokozera chifukwa chake lalowa tsopano. Akuti: "Afotokozereni eni ake, ine ndili ndi mpunga pamoto."

Chala chachikulu chatupa. Koma tili pa dongosolo.

Lachitatu

Ngolo yopanda katundu.

Ndakwera, ndakhala bwinobwino, chingwe m'manja. Chikwapu ndasiya m'nyumba. Zaka zonse za uphunzitsi sindinakhulupirire ndodo, sindiyamba lero. "Tiye!" Zayenda! Mtima wanga wachita ngati wa mwana amene wawerenga mzere woyamba payekha.

Koma sizikuyenda mowongoka. Kapitawo akukankhira mkati, Sitima akukankhiranso mkati, matako akutuluka kunja, ngolo ikupita chammbali ngati nkhanu. Ndikakokera kumanja, tikupita kumanzere. Ndikakokera kumanzere, tikupitanso kumanzere, koma mofulumira.

Tazungulira mtengo wa msangu. Tazunguliranso. Ulendo wina taphonya mtengo, talowa m'bafa la udzu la a Jofesi, oyandikana nafe. Eni ake anali momwemo.

Mawu awo, ali chigwirire beseni kutsogolo: "Aphunzitsi, odi timanenera panja!"

Ndapepesa. Ndati "Hoo!" mochedwa, koma ng'ombe zamva, zaima pomwepo, m'bafamo, ndipo Sitima wamwa madzi otsala.

Masana onse ndakhala ndikumanga bafa la a Jofesi. Limenelo ndimatha. Iwo akhala pa mpando n'kumandilangiza za ng'ombe, munthu woti ngakhale mbuzi alibe.

Kumapiri kwayamba kuchita mdima pang'ono chakumadzulo. Amake Joana ayang'ana kumeneko nthawi yaitali, kenako ayang'ana ine. Bola akanalankhula.

Lachinayi

Lero limayenera kukhala tsiku loyamba kututa. Sindinamange ngolo. Mwana akamalakwitsa samu yomweyomweyo, sumuwonjezera masamu ena. Umakhala pambali pake n'kuona pamene dzanja likupatukira.

Ndatenga mpando, ndakhala pamthunzi, ndaziyang'ana zikudya.

Ndaona ichi: zikamapita kukamwa madzi, Kapitawo amayenda kumanja, Sitima kumanzere. Zikaima pamthunzi, chimodzimodzi. Ndazisokoneza dala ndi madeya, zadya, zabwerera m'malo mwake. Ndayandikira. Kapitawo ubweya unaperepeseka kunthiti ya kumanzere, Sitima kunthiti ya kumanja. Ndi pamene mtengo wa ngolo wakhala ukukhuza zaka zonsezi.

Ine dzulo ndinazimanga mosinthanitsa! Iliyonse imafuna kubwerera kumbali yake, ndiye zimakankhana pakati. Zinali ngati kumukakamiza mwana wamanzere kulemba ndi dzanja lamanja. Wolakwa sanali Kapitawo.

Ndazipepesa. Ndamanga goli ndekha, popanda wogwira chingwe. Kapitawo kumanja, Sitima kumanzere. "Tiye!"

Mowongoka! Mpaka pachitsime, kutembenuka, kubwerera. Mpaka pachigayo, kutembenuka, kubwerera. A Jofesi atuluka kudzaima kutsogolo kwa bafa lawo, manja atatambasula, koma tadutsa patali ndithu.

Amake Joana akuti: "Zikomo. Chimanga chamva kuti mwafika pachigayo."

Tsiku limodzi latayika, koma maziko ndiye nyumba. Mawa maulendo angapo, Loweruka kumaliza. Kumapiri kwang'anima kamodzi. Mwina ndi maso anga.

Lachisanu

Ndilembe mofatsa.

Msewu wa kudimba umadzera pamlatho. Usanafike pamlathopo pali migwalangwa, ndipo pansi pake mayi Lusiya amagulitsa uchema, mowa wa m'migwalangwa yomweyo. Zaka zonsezi ndimadutsapo nditayang'ana kutsogolo, monga ayenera kuchitira mkulu wa mpingo.

Lero tikuyenda bwino, ine ndikuimba nyimbo ya m'buku chamumtima. Tafika pa migwalangwa. Popanda kukoka chingwe, popanda mawu, ng'ombe zakhota mwaluso kwambiri, zalowa pabwalo la mayi Lusiya, zaima pafupi ndi benchi. Kukhota kokongola kuposa konse kumene ndachita sabata ino.

"Tiye!" Ayi. "Kapitawo, tiye!" Nkhabe, monga anenera anzathu Achisena. Ndatsika, ndakoka. Miyala.

Amuna apabenchi aimirira, ena avula zipewa. "Takhuta, zikomo, akulu ampingo! Mwatikumbukira!"

Mayi Lusiya afotokoza, ndipo afotokoza bwino, ndiwapatse ulemu wawo. A Zuze ankatsika, n'kukhala pabenchi. Mayi Lusiya ankapatsa ng'ombe madzi m'chidebe. A Zuze akamaliza zawo, ankadzuka n'kudzikung'untha fumbi kumbuyo kwa thalauza, ndipo pamenepo ndi pamene ng'ombe zinkanyamuka.

Ndayesa kudumpha mbali zina za phunziroli.
- Madzi okha, ine chiimire: sizinasunthe.
- Kudzikung'untha osakhala pansi: Kapitawo wangopukusa khutu.
- Kukhala pang'ono n'kudzuka msanga: sizinakhulupirire.

Ndiye ndakhala. Nthawi yokwana munthu kumaliza chipanda. Manja ndawaika pa mawondo, poyera, kuti aliyense aone kuti mulibe kanthu.

Ndi nthawi imeneyo pamene amayi a kwaya ya kumpingo kwathu adutsa pamsewu. Aima. Agwada onse mwaulemu. "Mwaswera bwanji, abambo?" Sanandipatsepo moni waulemu chotero chiyambire.

Kudimba ndafika dzuwa lili pamutu. Ndalonga matumba pang'ono, poti ndi koyamba. Pobwerera, migwalangwa, kukhota, benchi. Kawiri tsiku limodzi!

Kunena zoona, a Zuze anali mphunzitsi. Chimene anaphunzitsa sichinatuluke.

Nkhani yandipitirira kufika kunyumba. Amake Joana akuti: "Akuti munali chete, simunavutitse aliyense. Ndathokoza."

Ulendo umodzi wokha. Mulu pachulu ukuoneka ngati sunakhudzidwe.

Loweruka

M'mawa kwabwera a Alufandika, mkulu mnzanga wa mpingo. Akuti amangodutsa. Akhala, amwa tiyi, andiuza kuti kupuma ntchito kumabwera ndi mayesero ambiri, ndipo khomo lawo ndi lotsegula.

Ndatsimikiza: pa migwalangwa sindidutsanso. Pali kanjira kachidule kopatuka usanafike pamenepo, kodutsa pamchenga wa mtsinje wouma, kumunsi kwa mlatho. Ng'ombe zakana pang'ono popatuka, koma ndayenda kutsogolo ndi chingwe, zanditsata. Ngolo yopanda kanthu yawoloka bwinobwino.

Kudimba ndalonga matumba mpaka pamwamba, kubweza za dzulo. Amake Joana, amene anabwera kudzathandiza kulonga, akuti: "Mchenga ndi katundu sizigwirizana. Dzerani pamlatho, mukakhale pabenchi panu." Ndawafotokozera kuti liwiro likakhalapo, matayala sapeza mpata womira. Anyamula khasu, atsatira pambuyo.

Liwiro silinakhalepo. Pakati penipeni pa mtsinje matayala alowa mpaka theka. Ng'ombe zakoka, zagwada, zakokanso. Takumba ndi khasu. Taika mapesi. Ngolo yangokhazikika bwino.

Kumapiri kwada bii. Kuno dzuwa. Kenako mkokomo chakumtunda, ngati lole yodzaza nzimbe. Pamchenga payamba kuyenda kamadzi kofiira, kakukankha thovu ndi zinyalala kutsogolo.

Apa pali chinthu chimene ndikufuna kuchikumbukira. Sindinaganize. Manja amasula zingwe, azula zikeyi, goli lagwa, ndati "Tiye!" ndipo Kapitawo ndi Sitima akwera gombe. Lachiwiri ntchito imeneyi inanditengera tsiku lonse ndi chala chimodzi.

Nthawi yomweyo kwatulukira amuna a pabenchi, akuthamanga, ena mosawongoka kwenikweni. Anationa tikupatuka m'mawa, ndipo ataona madzi akudutsa pansi pa mlatho anadziwa pamene tili. Matumba pamutu, madzi m'mawondo. Ngolo yopepuka aikankha akuimba. Mmodzi akuti: "Mukanadzera kwathu, akulu ampingo, bwenzi pano mukungodzikung'untha!"

Matumba apansi anyowa. Ena apita ndi madzi, akadyetsa nsomba kudambo. Amake Joana aima pagombe, akuyang'ana kumene apita. Chimanga chimenecho anathirira ndi ndowa, iwo, nthawi imene ine ndinkati msana.

Pobwerera sindinafotokoze chilichonse.

Lamulungu

Bwalo lonse mikeka. Chimanga chonyowa tachiyanika paliponse, mpaka pa denga la khola. Amene achokera kudimba akuti madzi azungulira chulu, anyambita mulu kunsi, koma pamwamba pali bwino. Chapansicho chapita. Chotsalacho chikudikira, ndipo kanjira kachidule tsopano ndi mtsinje.

Tapita kutchalitchi. A Alufandika andigwira dzanja nthawi yaitali ndi manja awo onse awiri. Amayi a kwaya aimba nyimbo ya wosochera wobwerera kwawo, ndipo sindikuganiza kuti amayang'ana ine onse. Ena amayang'ana amake Joana.

Zimene ndikutha tsopano:
- Kumanga goli ndekha.
- Kumasula mofulumira.
- Kuyenda mowongoka, kuima, kukhotera kumanja.

Zimene sindikutha:
- Kukhotera kumanzere pamene ndafuna ine.
- Kubwerera chambuyo.
- Kudutsa pa migwalangwa.

Chomalizachi chidzatheka, koma osati mwezi uno. Kuchotsa chimene mwana anaphunzira kale kumatenga nthawi kuposa kumuphunzitsa chatsopano, ndipo chimanga sichingadikire kuti timalize silabasi. Lonjezo la Loweruka lagwa. Ndawauza amake Joana choncho, mwachidule, ndipo aona okha kuti kufupikitsako kwandivuta.

Mawa m'mawa tidzera pamlatho. Katundu wapakatikati. Popita benchi, pobwera benchi, mpaka chulu chitayera. Anene zimene anene.

Masana ano ndakhala pakati pa mikeka ndi kamtengo, kuingitsa nkhuku. Amake Joana ali kukhitchini, akuphika thobwa. Akuti ndi langa la mawa, kuti pokhala kwa mayi Lusiya ndizikhala ndi changa m'manja, ndisamaoneke ngati munthu wodikira kuti ena amugulire.

Atulutsa mabotolo awiri, ayang'anitsitsa, abweza lobiriwira. Akuti nditenge loonekera mkati, odutsa pamsewu aziona okha mtundu wake.