Matumba a Mchenga pa Denga la Kalavani

Inu a Tembo, ikani kapuyo pansi, musandisekere m'tiyi ngati sindikuona. Amene akuti ndimanama aimike dzanja pompano, tituluke m'holo ya tchalitchi muno, tikwere sitima ya ku Skegness ndikamuonetse malo ake ndi chala. Palibe? Ndiye tcherani khutu. Ine Chimbalanga, mwana wa ku Ntcheu, zaka makumi awiri ndakolopa m'mafakitale a Leicester muno, ndipo bodza sindilidziwa n'komwe kuti limalowera khomo liti.

Mphepo ine ndimaidziwa. Namondwe wamkulu uja anandipeza kumudzi ndili pa holide, mphepo inazula mtengo wa mango wa amalume n'kukaudzala m'munda mwa eni, mpaka lero akukangana kuti mangowo ndi a ndani, nkhuku zinkaikira mazira zili m'mwamba, ndipo nditaona denga la achemwali anga likuyamba kutukuka ndinakwera, ndinagona chafufumimba pa malata, mwendo uwu ngodya iyi, mwendo uwo ngodya iyo, dzanja ngodya yachitatu, yachinayi ndinailuma ndi mano, dzanja lotsalalo ndikudyera chimanga chowotcha. Masiku atatu. Kapena anayi, chifukwa Lachiwiri linauluka nalonso. Mukumva? Kuyambira pamenepo ndinadziwa chinthu chimodzi: mphepo ndi mbala ya denga. Sanjika miyala ndi njerwa pa malata, ukagone.

Tsono chaka chatha, mayi a kunyumba, a Nambewe, anawachita opaleshoni ya bondo. Mwana wathu Tadala, nesi uja, anatibukira kalavani ku Skegness kuti mayi ake akapumuleko, tinyumba tija ta malata topanda maziko, tondandalika kuseri kwa chikhoma cha simenti chotchinga nyanja. A Nambewe ankayenda ndi ndodo ziwiri, bala lisanapole, kuchoka pabedi kufika pakhomo ngati ulendo wa ku Derby.

Lachinayi m'mawa foni inalira. Chenjezo la mphepo, lachikasu. Inu mukudziwa kuti kuno machenjezo ali ndi mitundu: lofiira ndiye thawani, lapakati lija ndiye samalani, lachikasu ndimati n'la ana a sukulu kuti asaiwale jekete. Ndipo azungu awa, amene amatcha mayina amphaka ndi mikuntho yomwe, kamphepo kameneka sanakapatse dzina. Kopanda dzina! A Nambewe anati, "Bambo a Tadala, tiyeni tibwerere kunyumba ku Highfields, ine mwendowu sindingathawe nawo." Ndinati, "Mayi, munthu amene analuma namondwe athawe mpweya wa fani?"

Posakhalitsa kunabwera mzimayi wachizungu woyang'anira malowo, akugawa matumba a mchenga khomo ndi khomo, asanu ndi limodzi aliyense. Analankhula zambiri, mothamanga, za mwezi, za nyanja kuti lero ikwera kuposa masiku onse, ine n'kumangoti yesi, yesi, mumtima ndikuti mwezi ukukhudzana bwanji ndi mphepo, masana ano? Ndiye ndione anansi. Akusanja matumbawo pansi! Pakhomo! Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndinati anthu ophunzira awa, ndi liti mphepo inabapo chiundo cha nyumba? Ndinanyamula anga onse ulendo umodzi, ndinawaponya padenga, ndinatolanso a m'makalavani amene eni ake kunalibe, makumi anayi, iyayi, makumi asanu ndi limodzi, paphewa limodzi ili, dzanja linalo ndikukanda nalo kumsana, ndinawasanja bwinobwino ngati mmene timachitira kwathu, mpaka denga linati nyaa.

Masana mphepo inabweradi. Chipewa changa sichinasunthe. Ndinatseka chitseko, ndinatereka tiyi, ndinayamba kuwafotokozera a Nambewe za namondwe uja, ndipo ndili pakati pa nkhani ndinaona patapata wanga akudutsa. Yekha. Kenako mnzake akumulondola.

Apa ndiye mutu wanga unaima, ndipo kunena zoona sunayambenso kuyenda bwino mpaka lero. Ndinayang'ana kudenga, kouma. Ndinasuzumira pawindo la kunyanja, chikhoma chili chilili. Nanga madziwa? Akuchokera kumbuyo, kumtunda, m'ngalande ya kuseri, ena akutumphuka m'bafa, ena pansi pa chitseko. Nyanja ili kutsogolo, madzi akubwera kumbuyo, mvula yake yowaza, mphepo yake yosagwetsa ndi chipewa chomwe. Mdani wanga ndinamudikirira kumwamba, iye analowera kumapazi. Inu a Tembo, mwana wanu anaphunzira za uinjiniya ku Loughborough, mukamufunse, chifukwa ine zimandizungulirabe.

Ndiye kalavani inanyamuka. Mukumva? Inayandama, inadumpha chikhoma, inalowa m'nyanja, ine ndinatenga ndodo ya a Nambewe kukhala nkhafi, ndikupalasa, nsomba zikulowa pawindo ili n'kutulukira linalo, ina inaima kaye kunyambita shuga, zinyama zija zonga agalu opanda miyendo zikutiperekeza zikuwomba m'manja, tinapitirira mpaka ndinamva anthu akulankhula chilankhulo chokhosomola, ndinati apa ndi ku Holland, ndipo mapasipoti tasiya ku Highfields, ndinakhota msangamsanga, ndinakola ndodo ija pa phiko la chimakina champhepo chija choima m'madzi, chinatizunguza katatu, kapena kasanu, n'kutiponya, tinauluka pamwamba pa mitambo, ndinaona Nottingham, ndinaona basi ya ku Normanton ikuchedwa monga mwa masiku onse, kenako phii, pamalo pomwe tinachokera, osaphonya ndi inchi.

Mukuti chiyani a Tembo? Mukuti Tadala anakuuzani kuti kalavani sinasunthe? Nanga ndanena kuti chiyani, si ndati tinabwerera pamalo pomwepo? Amene anabwera mochedwa angadziwe bwanji?

Chabwino. Mwina za ku Holland ndasakaniza ndi ulendo wina. Koma musaseke, chifukwa chotsatirachi sindimachinena kawirikawiri.

Chitseko chinakana kutseguka. Matumba anga aja analemera, denga linapindika pakati, linapanikiza chitseko, ndinakankha ndi phewa lomwe lija, osatheka. Madzi anafika m'mawondo, ozizira ngati a m'firiji, akuda, onunkha za m'ngalande. Ndinawakweza a Nambewe patebulo, ndodo imodzi itayandama kale, koma bandeji inali itanyowa. Pawindo ine ndikanatuluka. Iwo ndi bondo limenelo sakanatha. Ndinachita mantha, abale, mantha amene sindinachitepo padenga la ku Ntcheu. Sanandikalipire. Anangoti, "Bambo a Tadala, ndinanena," n'kuyamba kuimba nyimbo ya kumvano chapansipansi.

Amene anatipulumutsa ndi mzimayi wachizungu uja ndi anansi omwe ndinawaseka. Anakwera padenga, anatsitsa matumba limodzilimodzi, akufunsana kuti wamisala amene wachita zimenezi ndani. Chitseko chitatseguka anawanyamula a Nambewe pampando, anthu anayi. Ine ndinkatsatira kumbuyo nditagwira ketulo, sindikudziwa kuti ndinaitengeranji.

Bala linatukusira. Anagonanso m'chipatala milungu itatu, ndipo bondo lija silinawongokenso. Adokotala anali atalonjeza kuti pofika Khirisimasi adzataya ndodo zonse ziwiri. Imodzi ikadalipo.

Masiku ano foni ikalira, kaya chikasu, kaya mtundu wanji, ndimangowapatsira a Nambewe kuti awerenge, ndipo akati tinyamuke ndimakhala woyamba kuvala nsapato. Koma chimodzi musandilande, ndipo ndikulumbira pamaso pa nonsenu: mwa makalavani onse a ku Skegness, denga langa silinasunthe ngakhale pang'ono. Mukumva?

Imvaninso icho. Go, go, go, m'khonde umo. Ndi ndodo yawo, akubwera kuchokera kukhitchini. A Tembo, sunthani mpando uwo adutse bwino, ndipo tisinthe nkhani.