Mizere Isanu ya Amake Rozina

Mpaka lero ndikamadutsa m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Nguludi, anthu amati, "Mwadzuka bwanji aJaji?" Mlendo angayese ndi ulemu. Si ulemu ayi, ndipo mlandu umene unandipatsa dzinali ndinaweruza umodzi wokhawo.

Zonse zinayamba ndi buku lopanda chikuto. Ndinalipeza ku Namadzi kwa mayi wina amene ankang'amba masamba ake n'kumakulungira zitumbuwa, ndiye ndinamupempha otsalawo. Munali mbiri ya mkulu wina wa ku Amereka wakalekale, dzikolo likungoyamba kumene kudzilamulira. Anayamba ngati loya, kenako anakhala woweruza woyenda pa hatchi tauni ndi tauni, pomaliza anthu anamusankha kuti azikapanga malamulo. (Dzina lake sindilidziwa, linapita ndi zitumbuwa.)

Ine ndinagwirapo umesenjala pa khoti zaka zambiri. Ntchito yanga inali kunyamula mafayilo ndi kukuwa kuti anthu aimirire, koma mumtima ndinkati malamulo onse ali m'mutu muno. Nditatha bukulo ndinati njira ndi imeneyi: uloya, ujaji, kenako ukhansala. Hatchi ndinalibe, koma njinga inalipo.

Mlandu sunachedwe. Chaka chilichonse nthawi yokonza minda, akazi anga amake Rozina amakangana ndi akulu awo aFelesita, omwe ndi amasiye, pa malire a minda imene malemu mayi awo anawasiyira. Amalalatirana m'mawa, amalume awo aMuhiwa amabwera n'kunena kuti, "Aliyense alime pamene analima chaka chatha," basi madzulo akupemphana mchere. Ine ndinkaona kuti kumeneko n'kusowa malamulo.

Tsono ine pano ndine mkamwini, kwathu ndi ku Njuli. Minda ndi ya akazi, ndipo pa nkhani ya malo mkamwini amakhala kumbuyo n'kumayang'ana zala zake. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino. Koma m'buku muja munalibe mkamwini.

Tsikulo ndinafika kumunda nditavala jekete ya kukhoti, khasu lili paphewa. AMuhiwa asanatsegule pakamwa ndinakweza dzanja.

"Amalume, pepani. Mlandu wopanda umboni si mlandu."

AMuhiwa anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Nanga alamu athuwa, lero kwagwanji?" anafunsa aFelesita.

Ndinafotokoza kuti apongozi anga ali moyo anandiuzapo kuti pamalire anakwirirapo mphero yosweka. Ndinalonjeza kuifukula, ndipo ndinali wotsimikiza kuti ili mkati mwa munda wa aFelesita. Cholinga changa chinali choti akazi anga awine, aone kuti anakwatiwa ndi munthu.

Ndinakumba mbali ya aFelesita, panalibe. Ndinakumba pamalire penipeni, panalibe. Munthu wanzeru akanati mvula inakokolola. Ine ndinalowa mzere woyamba wa akazi anga.

"Bambo a Rozina, dzuwa lakwera, tiyeni kunyumba," anatero amake Rozina, mawu ali ofewa mwachilendo.

"Khoti silitseka umboni usanapezeke."

Mzere wachiwiri amake Rozina anatsokomola. Wachitatu anandiponda phazi. (Zaka zonsezi m'banja, koma ndinayesa aterereka.) Wachinayi anakhala pansi n'kudziphimba ndi chitenje kumutu. Pa mzere wachisanu khasu linalira ngwe! Ndinaitukula mphero ija m'mwamba ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu, ndikumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Palibe anaomba m'manja. Pamenepo m'pamene ndinatembenuka n'kuwerenga mizere.

Kani aliyense ankadziwa pamene mphero inali, kupatula ine. Kuchokera pomwe amuna awo anamwalira, aFelesita ankalephera kumaliza munda wawo, ndiye mng'ono wawo, akazi angawo, ankalowa m'mundamo pang'onopang'ono, n'kumawapatsa dengu la nandolo akakolola. Mkangano wa chaka ndi chaka uja kunali kungokumbutsana kuti munda uli ndi mwini wake. Koma mphero itatuluka pamaso pa anthu, aMuhiwa sakanaibwezera pansi.

"Chabwino, aJaji aweruza," anatero aMuhiwa mosakweza mawu. "Mizere isanuyi ndi ya Felesita. Ndipo popeza Felesita alibe womulimira, amene waipezayo aziilima. Zokolola ndi za mwini munda."

"Zikomo alamu, Mulungu akudalitseni," anatero aFelesita, akubisa kuseka m'chitenje.

Ndinachita manyazi amene sindinawaonepo. Sabata yathunthu amake Rozina ankandiyankhula kudzera mwa nkhuku: "Inu nkhuku, auzeni aJaji kuti madzi osamba akatunge okha." Nandolo atacha ndinafunsa chifukwa chake ndiwo zinali chisoso tsiku lililonse. Anati, "Kachiteni apilo."

Za ukhansala ndinazitchulapo kamodzi, mtima wawo utatsika. Anayankha kuti ndiime ndithu, iwo adzalawirira kukakhala oyamba pamzere kuti akavotere winayo.

Ndinabwerera m'buku muja kuti ndione ngati mnzanga wa ku Amereka anaweruzapo mlandu wa akazi ake, ndi mmene anatulukiramo. Masamba amenewo ndi amene anapita ndi zitumbuwa. Moti chaka chino n'chachitatu ndikulima mizere isanu ya aFelesita, amake Rozina akulima yawo chapafupi, ndipo akafika pamalire amaimika khasu n'kufunsa mwaulemu wonse, "AJaji, apa ndipitirire kapena muyambe mwakumba?"