Tsiku limene Kapitawo anavala juzi pa Ulongwe

Mukadzafika pa Ulongwe n'kumva achikulire akuseka munthu kuti "waveka nkhosa juzi", musadzavutike kufunsa kumene mawuwo anachokera. Anachokera kwa ine. Ndakhala ndikukana zaka zonsezi, koma ndatopa, ndingoulula.

Chinali chaka cha njala ija tinkadya nyika, timizu ta m'madzi a mu Shire, ndi mango osakhwima owiritsa. Amuna anga, bambo a Esnati, anali atangomwalira, tsitsi lisanamere n'komwe m'mutu mwanga chimetereni cha maliro. Anandisiyira ana atatu, njinga yopanda matayala, ndi nkhosa imodzi yamphongo imene iwo ankaitcha Kapitawo, poti inkakonda kuima pachulu n'kumayang'ana anthu akulima osathandizako. Che Bakali, ogulitsa chimanga pamsika, anabwera kawiri kudzamufuna Kapitawoyo. Ndinakana. Ndikamumva akulira m'mawa zinkakhala ngati bambo a Esnati angozungulira kuseri kwa nyumba.

Lamulungu lina kutchalitchi analengeza kuti kwabwera thandizo la amayi amasiye. Tinapita ndi matumba (ine ndinatenga awiri, chikhulupiriro changa chinali chachikulu). Mayi Makwinja, wapampando wa amayi, anatsegula katoni. Munalibe ufa. Munali ulusi, mipukutu yofewa ngati mutu wa khanda.

"Umenewu amadya ndi chiyani?" anafunsa wina kumbuyo.

"Sadya," anatero Mayi Makwinja. "Wachokera kunja, ku kafamu ka banja lina. Ndi ubweya wa nyama yotchedwa alupaka. Muluke majuzi, tikagulitse kwa azungu kuphiri ku Zomba, kozizira kuja. Amene abweretse juzi yabwino Loweruka la sabata ya mawa alandira ndowa ya chimanga."

Ndowa yathunthu! Pakatonipo panali chithunzi cha nyamayo: khosi lalitali, nkhope ngati ya mayi amene sanaitanidwe ku ukwati. Ndinayang'anitsitsa n'kunena mumtima kuti iyi ndi nkhosa basi, yangotalika khosi chifukwa chodya m'mitengo. Kaya kwawokonso kuli njala.

Kuluka ndimadziwa. Ndinazula masipoko awiri panjinga ija, kuwanola pamwala, n'kuyamba. Vuto ndi lakuti moyo wanga wonse ndinalukirapo munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali wamtali wothyola papaya popanda mtengo. Mayi Makwinja anatiuza muyezo wa majuziwo, ine ndinamva bwinobwino, koma zala zanga sizinamve. Ndinkaluka ndikuganiza za malemu, zala n'kumangopita zokha. Pofika Lachitatu ndinali ndi thupi la juzi ndi mkono umodzi, ulusi n'kuthera pomwepo.

Ndinapita nayo kwa Mayi Makwinja kukapempha wina. Anaitambasula, inafika m'mawondo mwawo.

"Amake Esnati, mwalukira ndani, mlongoti? Ulusi tinagawana wofanana, wina kulibe."

Munthu wanzeru akanamasula n'kuyambiranso yaing'ono. Masiku analipo. Koma kumasula juzi ya msinkhu wa bambo a Esnati kunali ngati kuwaika m'manda kachiwiri. Ndinabwerera kunyumba, ndipo woyamba kundilonjera anali Kapitawo, ali pachulu pake. Ndinamuyang'ana. Iyenso anandiyang'ana. (Ndikhulupirira kuti anadziwa.)

Ndinamumangirira kumtengo wa mango n'kutenga sizasi ndi lezala. Amene simunametepo nkhosa zakwathu kuno, ndikuuzeni: zilibe ubweya woti n'kulukira, zili ndi timaubweya tatifupi ngati nsidze. Ndinameta mbali imodzi, sizinadzaze ngakhale mbale ya ndiwo. Ndinameta inayo. Kenako msana, mimba, khosi. Pomaliza Kapitawo anatsala ndi ubweya kumutu ndi kumchira kokha, nthiti zonse pamtunda.

Nthawi yomweyo anatulukira Abiti Saidi, oyandikana nawo nyumba, akuchokera kumjigo. Anatula ndowa. Anayang'ana mutu wanga wometa, n'kuyang'ana Kapitawo.

"Chisimu, zoonadi, chisoni chakukulirani, anzanga. Mwameta ndi chiweto chomwe?"

"Iyayi, ndikungofuna ubweyawu."

"Musachite manyazi. Nayenso anali wa malemu, msiyeni alire."

Dzuwa lisanapendeke amayi asanu anali atakhala pakhonde panga kudzandipepesa kachiwiri. Anaimba nyimbo ziwiri. Mmodzi anagwetsa misozi, akuti amuna ake atamwalira iye sanaganizeko n'komwe za mbuzi. Ine ndinangoti zikomo, mbale ya ubweya nditaibisa pansi pa chitenje.

Atapita ndinayesa kupota. Ubweya wa Kapitawo sugwirana, umangouluka n'kulowa m'mphuno. Ndinang'amba pilo n'kutulutsa thonje limene achimwene anandipatsa kale kuchokera ku Ngokwe. Zinagwirako pang'ono, koma ukakoka zikuduka. Ndiye ndinasolola khonje pa chingwe chomwe ndinamangira Kapitawo (kumbukirani chingwe chimenechi), n'kupotera zonse pamodzi pantchafu monga timapotera chingwe cha mbuzi. Masiku awiri ndinaluka mkono wachiwiri. Unatuluka wautali bwino, koma wouma gwa, woima wokha ngati paipi, woyabwa ngati chitedze. Nanga fungo! Nkhosa yamphongo mukuidziwa.

Ndinati fungo si nkhani, madzi otentha amachotsa chilichonse. Lachisanu madzulo ndinaika juzi yonse mumphika waukulu ndi kachidutswa ka sopo, n'kusonkhezera moto, n'kumavundula ndi mthiko. Palibe anandiuzapo kuti alupaka sagwirizana ndi madzi owira. Nditavuula, juzi ya bambo a Esnati inali itakhwinyata n'kusanduka ya mwana wa sitandade wani, yolimba ngati chipewa. Mkono wa Kapitawo wokha ndi umene sunasinthe. Unangolendewera pamenepo, wautali kuposa juzi yonse.

Loweruka m'mawa ndinaganiza kuti ikadali yonyowa ikhoza kutanuka, bola nditaiveka chinthu chonenepa. Ana anga anali ataonda, sakanatanula kanthu. Mtondo unali wowongoka, wopanda mapewa. Wamimba pakhomopo anali mmodzi yekha, ndipo dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kumuwotcha pamsana pometa paja. Ndinati ndithandiza awiri nthawi imodzi.

Miyendo yakutsogolo ndinailowetsa m'mikono. Kunena zoona, inamukhala. Anaima duu ngati kalaliki. Kenako khonje ndi ubweya wake womwe zinayamba kumuyabwa m'khwapa. Anadumpha kamodzi, chingwe chija ndinachisolola n'kuduka, uyo wauyatsa wa kumsewu.

Ndinamuthamangira opanda duku, mutu uli mbee. Kapitawo patsogolo, mkono wautali ukukwekwereza fumbi, ine pambuyo ndikukuwa kuti "Gwirani juziyo!" (Sindinati gwirani nkhosa. Mpaka lero anthu amandikumbutsa zimenezi.) Titafika pasiteji, oitanira maminibasi anasiya ntchito.

"Balaka! Balaka! Abwana a juzi, mpando wakutsogolo ulipo!"

"Asiyeni, akuchokera ku Joni amenewo, sanazolowere nyengo!"

Kapitawo sanawalabadire. Anadutsa pa tomato, anadutsa pa usipa, n'kukaima pa mulu wa chimanga cha Che Bakali, n'kuyamba kudya mwaulemu ngati woitanidwa. Msika wonse unasonkhana. Ndipo poti Mulungu amafuna kuti nkhani ithe bwinobwino, Mayi Makwinja anali pomwepo, akuyeza chimanga choti akagawire oluka aja.

"Amake Esnati," anatero motsitsa mawu, "imeneyi ndi juzi yathu ija?"

"Ndi yomweyo, mayi. Ikuuma."

Anagwira mkono wa khonje uja, n'kupukuta dzanja pachitenje.

"Mzungu wake uti?"

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Anthu ankaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ine ndinkaona ana anga atatu amene anali atadya mango okhaokha masiku awiri, akudikira ndowa imene ndinawalonjeza.

Che Bakali anayang'ana khamu limene linazinga malo awo. Chiyambire njala, anthu ochuluka choncho anali asanaimepo pamenepo akusekerera.

"Amayi," anatero, "ndinabwera kwanu kawiri, munandibweza. Lero mwini wake wabwera yekha. Ndowa ziwiri. Koma ndi juzi yake yomwe."

Ndisanatsegule pakamwa, Abiti Saidi anatulukira m'khamumo, kaya anafika nthawi yanji.

"Ziwiri za chiyani, Che Bakali? Nkhosa yolira maliro munaionapo kuti? Zitatu!"

"Nanga chimene yadya kalechi?"

"Chimenecho n'chipepeso."

Ndinayang'ana Mayi Makwinja, poti ulusi unali wa mpingo. Iwo anayang'ana kumwamba n'kunena kuti sanaone juzi iliyonse, aona nkhosa basi.

Ndinapita pamene panali Kapitawo n'kumugwira pamutu, paja ndinamusiyira ubweya. Ndinamuuza kuti andikhululukire, n'kuwauzanso bambo a Esnati chimodzimodzi. Iye sanadzutse n'komwe mutu pachimangapo. Ndowa zitatuzo zinatisunga masiku ambiri, ndipo ana onse atatu alipo mpaka lero. M'mawa wotsatira tsiku lomugulitsalo pachulu panali zii, ndipo ndinalira kuposa tsiku lometa la maliro lija.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kuti ulusi sawiritsa, chimenecho chokha. Majuzi ndimalukabe, ndipo mikono imatalikabe. Adzukulu anga amachita kupinda katatu. Ulusi ukandithera pakati sindimasula, ndimangoyamba kuyang'anayang'ana pabwalo. Mphaka wa Abiti Saidi akangondiona ndagwira sizasi amakwera padenga.