Malizani ndi Chitunda cha Tatsikani

Mwambi wa utsi mwangoumvawu, anyamata inu, chiyambi chake n'chotere. Koma iwe wachipewa chofiira, yamba watsamiritsa njingayo pamtengo, ndipo chimene wabisa kumbuyoko uzimitse. Maso ndiwo anandikalambira, mphuno ayi.

Pa siteji ya kabaza yomwe ino panali mnyamata wina dzina lake Malizani. Anali munthu wabwino mtima, wosadziwa kukana, ndipo anali mmphawi ngati ife tonse. Chuma chake chinali njinga ndi mapapo basi. Tsono mapapowo anayamba kuwadyetsa chingambwe ndevu zisanamere, poti fodya amanamiza njala. Ukasuta umaiwala kuti sunalawe kanthu chidzukire.

Chitunda chokwera kuchipatala mukuchidziwa nonse, chija timachitcha Tatsikani chifukwa ukafika pakati pake umapempha kasitomala kuti atsike. Malizani kale ankachikwera atanyamula munthu ndi katundu wake, akuimba mluzu. Koma inafika nthawi yoti akangowoloka kamlatho ka m'munsi kaja, chifuwa chinkayamba kulira tswii tswii, miyendo n'kulefuka.

Mkazi wake, Nangozo, anali woyembekezera, mimba yoyamba. Tsiku lina akumupititsa kusikelo, Malizani anaima pamalo pake paja.

"Tatsikani pang'ono, mayi."

Nangozo anatsika. Anakwera chitunda chonse wapansi, dzuwa lili phwee, dzanja lili pamsana. Atafika pamwamba anakhala pamwala, nati: "Lero ndatsika, ndayenda. Nanga tsiku lijalo likadzakwana, bambo, mudzandiuzanso kuti nditsike? Mwana wanu adzabadwire pamsewu?"

Mawu amenewa anamulasa Malizani mumtima. Anachita manyazi, ndipo anachita mantha.

Pachipatalapo panali namwino wina, mayi Chisuse, amene ankathandiza anthu osauka ofuna kusiya fodya. Malizani analowa kwa iwo tsiku lomwelo, chipewa chili m'manja. Mayiwo anamuuza kuti thandizo lawo lili patatu. Azibwera kudzacheza nawo za m'mene zikuyendera. Azimupatsa tizigamba ta mankhwala tomata pamkono, tochepetsa chibaba cha fodya. Ndipo akapirira mpaka mvula itatha, adzalandira matayala atsopano a njinga. Analinso ndi kamakina kouziramo mpweya, kamene kankayaka mobiriwira kwa munthu wosasuta, koma kwa wosuta kankafiira.

Atamva za matayala, Malizani anasekerera mpaka mano onse panja, chifukwa ake anali atasalala.

"Kachigamba n'kamodzi patsiku, osaposa," anatero mayi Chisuse. "Tsono tandiuzani, masana mumakhala ndi ndani?"

"Ndi anzanga, m'chisakasa cha pa siteji."

"Amasuta?"

"Onse, mayi. Ngakhale mbuzi zikadutsa pamenepo zimatsokomola."

"Ndiye muchokepo kwa kanthawi. Mukapeze poimika njinga pena."

Apa nkhope ya Malizani inagwa. "Mayi, zimenezo ndiye zovuta. Njinga yanga itabedwa, Gwedeza ndiye ankandibwereka yake. Bambo anga atamwalira, bokosi ananyamula ndi Tenesi ndi anzanga omwewo. Lero ndiwathawe chifukwa cha utsi? Ingondipatsani mankhwalawo, ine ndine mwamuna."

Musamuseke msanga, anyamata. Chimene chimamanga munthu ku fodya si tsamba lokha ayi. Ndi anthu amene umasuta nawo.

M'mawa mwake Malizani anakakhala m'chisakasa muja, kachigamba kali pamkono, mtima uli gwa. Anzake akasuta, iye ankangotukumula mphuno. "Kununkhiza si kusuta," ankadziuza yekha.

Tsoka lake, pa siteji yonse panalibe wodziwa kupichira chingambwe ngati iye. Tenesi akapichira, fodya ankatayikira mbali zonse. Malizani anapirira, anapirira, kenako analephera.

"Aise, ukuwononga fodya. Tabweretsa kuno."

Anapichira bwinobwino, nanyambita pepala, napereka. "Kupichira si kusuta," anatero.

Tsiku lina Gwedeza ankakonza tcheni, manja ali bii ndi girizi. "Malizani, tandiyatsira, achimwene."

Inu mukudziwa kuti ndudu siyaka popanda kukoka. Malizani anakoka kamodzi kuti moto ugwire, nakokanso kuti atsimikize. "Kuyatsa si kusuta," anatero, utsi ukutuluka m'mphuno. Kuyambira pamenepo ndiye anali woyatsira siteji yonse, ndipo ankayatsa mosamala kwambiri moti mwini ndudu ankalandira kachidutswa kootcha zala.

Atapita kukauzira kamakina kaja, kanafiira psuu.

"Kamakina kanuka kamandida," anatero Malizani. "Ine sindisuta. Ndimangothandiza anzanga."

Mayi Chisuse atamva za kuthandizako anagwira pakamwa kuti asaseke. "Bambo Malizani, kachigamba kamachotsa chibaba cha m'thupi. Koma utsi wa anzanu sikangauletse kulowa m'mphuno mwanu n'kukakumbutsa mtima. Chokanipo pachisakasa paja."

"Mulibe mankhwala amphamvu kuposa awa?"

"Amphamvuwo ndakuuzani kale."

Malizani anatsika chitunda akulingalira. Ndipo analingalira monga wakabaza. Chubu chikamatuluka mpweya utachimata, ndiye kuti chabooka pambiri. Chofunika n'kuwonjezera zigamba! Anadziona wanzeru kuposa anamwino onse.

Kutacha anatenga tizigamba tonse timene anapatsidwa. Anamata m'mikono, pachifuwa, pamimba, m'khosi. Kumsana anachita kudzikhuza pakhoma kuti tigwire. Anavala malaya, nakakhala pakati penipeni pa chisakasa. Tsikulo kunali mvula, ndiye onse anali ataunjikana momwemo, utsi uli tolo.

"Lero sutani mmene mungathere," anatero monyada. "Ine ndatseka ponse. Bweretsani ndikuyatsireni."

Sipanapite nthawi, thukuta linayamba kuyenderera. Mtima unagunda ngati ukufuna kutuluka, chisakasa chinayamba kuzungulira, nseru inakwera. Anadzuka kuti atuluke, koma anangoti khuu m'matope.

Anzake anamukweza panjinga, wina kugwira uku wina uku, n'kukankha chitunda chonse mvula ikuwakwapula. Mayi Chisuse atamuvula malaya anabwerera m'mbuyo.

"Mayo ine! Munthu uyu kapena chubu chakale?"

Anamatula chigamba chimodzichimodzi, tsitsi la pachifuwa likuzuka, Malizani akubuula. Atatsitsimuka anayembekeza kukalipiridwa, koma mayiwo anangokhala pambali pake.

"Mukadafa lero, bambo, ndipo musadzabwerezenso. Koma kugwa kokha si mlandu. Ambiri amene anasiya fodya anayamba agwa kangapo. Tiyambirenso."

Chimene chinamupweteka kwambiri anachimva kunyumba. Nangozo sanakalipe. Anangoti, "Ndapempha aneba athu a Kachingwe kuti tsikulo likadzafika adzanditenge pa ngolo yawo. Inu musadzivute." Malizani anatuluka panja, nakakhala pafupi ndi njinga yake, misozi ili m'maso. Mwamuna wa njinga, mkazi wake akakwere ngolo ya ng'ombe za eni!

Mawa lake anasamuka. Anakaimika njinga pa kamlatho kaja, pamene amayi amagulitsa nthochi. Kachigamba kamodzi pamkono, nzimbe kukamwa. Chibaba chikamugwira ankatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa. Kwa mayi Chisuse ankapita mosadumphitsa, ndipo kamakina kaja kanayamba kubiriwira.

Koma anasungulumwa, anyamata. Nkhani za amayi a nthochi sizinali zake. Akamva anzake akuseka chapatali, mtima unkamuwawa. Ndipo poti ankadzidziwa kufooka kwake, akangoona mmodzi wa iwo akubwera ndudu ili pakamwa, ankakwera njinga n'kuzemba. Anthu ankamuseka. Gwedeza anafika pomukuwira kuti, "Kodi ife tayamba kununkha?" Malizani anangopitirira kupalasa, poti akanaima, akanapempha kukokako kamodzi.

Tsono tsiku lina masana, mvula itayamba kutha, chibaba chinamubwerera mwamphamvu. Nzimbe zinali zitamuthera. Ataponya maso kumsewu wochokera kumudzi, anaona Gwedeza ndi Tenesi akupalasa mwaliwiro kulunjika pomwe iye anali, ndudu zili pakamwa, manja akukupiza.

"Malizani! Malizani, ima!"

Fungo linafika iwo asanafike. Malovu anadzadza m'kamwa. Malizani anadziwa kuti akangoima, zonse zathera pomwepo. Kumudzi sakanalowera, poti ndiko ankachokera anzakewo. Njira inatsala imodzi yokha. Analumphira panjinga nalunjika chitunda.

"Ima, iwe! Tamvera!"

Akamakuwa, iye n'kumawonjezera moto. Anadutsa pamene ankatsitsira makasitomala, anadutsa pa mwala uja, mpaka anangozindikira ali pa geti la chipatala. Anaima, nadabwa. Chifuwa sichinalire.

Atacheuka anaona anzake awiri aja ali pakati pa chitunda, atagwira mawondo, akutsokomola. M'munsi mwawo munali njinga yachitatu, mwini wake atalephera kukwera, ndipo pambali pa msewu panakhala mayi atagwira mimba. Chitenjecho Malizani anachidziwa, poti anagula yekha. Matenda anali atamuyamba Nangozo ng'ombe za a Kachingwe zili kudambo, ndipo anzake omwe ankawathawawo ndiwo anamunyamula n'kuthamanga kudzamufuna iye.

Anatsika chitundacho ngati mphepo. Anamukweza mkazi wake, nayamba kupalasa. Atafika pakati, njinga inalemera, minofu inanjenjemera, mpweya unayamba kuchepa. Nangozo anamugwira malaya, nafunsa ndi mawu otsika:

"Nditsike, bambo?"

"Khalani pomwepo, mayi. Gwirani zolimba."

Ndipo anakwera, anyamata. Kachiwiri tsiku limodzi, ulendo uno atanyamula anthu awiri. Mwana anabadwira m'chipatala, pabedi, wamkazi, wa mawu amphamvu ngati mayi ake. Matayala aja anadzalandira ndithu nthawi yake itakwana, koma tsiku limenelo sanawakumbukire n'komwe.

Anzake anafika pambuyo, akukankha njinga, malilime ali panja. Malizani anawagwira manja mmodzimmodzi. Gwedeza atapeza mpweya anataya ndudu yake pansi, naiponda, n'kupita kwa mayi Chisuse amene anali ataima pakhonde.

"Mayi, ife tinayamba kabaza uyu asanayambe. Lero watisiya ngati taima. Mankhwala munamupatsawo, nafenso tipatseniko."

"Tizigamba ndikupatsani, ndipo muzibwera tizicheza," anatero mayiwo. "Koma amene amukweza chitunda lerowa sanachokere m'kabati mwanga. Mufunseni mwini wake."

Onse anatembenukira kwa Malizani. Iye anapukuta thukuta ndi chipewa, nayang'ana chitunda, nayang'ananso anzakewo.

"Abale anga, ine ndinanunkhiza, ndinapichira, ndinayatsa, ndinadzimata thupi lonse. Zonsezo ndayesa. Ndikuuzeni zoona: mankhwala a utsi n'kuthawa."