Ulendo Wanga wa Ndekha Kuchipululu

Lolemba
Loweruka lino sindili pa shifiti! Masabata asanu ndikusamalira okalamba ku Fremantle osapuma, mpaka ndayamba kulota mabelu awo oitanira. Pulani: kulawirira, kuyendetsa galimoto kumpoto kwa Perth, kukhotera kamsewu ka mchenga kolowa m'chipululu. Kuyenda wapansi. Kuona kangaru ndi emu, chimbalame chonga nthiwatiwa chija. Ndekha. Osayankhula ndi munthu.

Lachiwiri
Ndikugula nsapato zam'tchire ku Morley, atulukira Mayi Gondwe a kumpingo kwathu. Pakamwa pangapa! Ndawauza pulani yanga. "Nokhanokha, munthu wamkazi, kuchipululu? Ayi, ndikuperekezani." Chabwino, tikhala awiri.

Lachitatu
Mayi ine! Pagulu la pafoni la amayi a kumpingo Mayi Gondwe alemba: "Ulendo wa Mapemphero Kuchipululu." Alembetsa khumi ndi anayi. Wina akufunsa ngati tisale kudya.

Lachinayi
Ndayesa kunena kuti galimoto yanga ndi yaing'ono. Bambo Gondwe abwereka minibasi kwa mnzawo ku Malaga. Zokwera:
mipando ya pulasitiki
sipika
nkhuku yokazinga, ndowa ziwiri
Abusa!

Lachisanu
Mayi Gondwe pafoni: "Tonse yunifolomu." Bulauzi yoyera. Kufumbi lofiira lija!

Loweruka
Tinapangana sikisi koloko. Tanyamuka teni. Koma msewuwo kukongola kwake, abale! Dothi lofiira psuu, thambo lopanda malire. Ndikuona emu ziwiri pafupi pomwepa, minibasi yaima, mwendo umodzi ndatsitsa kale, Mayi Gondwe ayambitsa nyimbo pa sipika. Emu liwiro!

Kenako minibasi yatitimira mumchenga. Amayi onse kukankha, Abusa kupempherera matayala. Ntchentche ngati pamsika wa nsomba, imodzi yalowa m'kamwa mwa Mayi Gondwe pakati pa aleluya. Mzungu wa galimoto yaikulu watikoka ndi chingwe. Kutiyang'ana zovala, akuti, "Mkwatibwi ndi uti?"

Kuyenda kwanga wapansi: kuchoka pa minibasi kukafika pachitsamba, kubwerera. Kangaru: ziro.

Lamulungu
Msana sukuwongoka. Abusa alalikira za Aisraeli m'chipululu, kenako andiitana ndi dzina kuti ndiimirire. Akuti Mulungu anandipatsa masomphenya. Ulendowu uzichitika chaka ndi chaka, abambo ndi ana omwe azibwera, wapampando ndine. Mpingo wonse m'manja.

Mayi Gondwe akulira ndi chimwemwe, andigwira dzanja. Ndati ameni. Nanga ndikanatani?